Phiri liyezedwe thirakitala isanakwere

Miyezi ingapo yapitayi talandira funso limodzimodzi kucokera kwa ena mwa inu amene munaphunzira pano zaka zam'mbuyomu. Wina analemba kalata ali ku Vubwi, wina anatumiza uthenga pa foni ali m'tsinde mwa mapiri a Mphangwe ku Katete, ndipo awiri anacita kubwera okha. Nkhani yawo ndi imodzi. Malo a cidikha anatha, munda umene makolo anawagawira uli pamtsetse, ndipo m'dera lawo mwafika munthu wa thirakitala yaing'ono amene akuti angathe kusema phirilo kukhala masitepe m'masiku atatu. Afuna kudziwa ngati nkwanzeru kutenga ngongole ku banki ya m'mudzi kuti nchitoyo icitike dzinja lisanafike.

Yankho lathu ndi lakuti ayambe adikira. Makina sitidana nawo. Pano tili ndi thirakitala, ndipo ambiri a inu munaphunzirira pa iyo kugwira ciwongolero. Koma pa nchito yomanga masitepe paphiri, makina ayenera kufika pomalizira, cingwe ndi zikhomo zitayenda kale, njira ya madzi itakonzedwa, mwini munda atadziwa kuya kwa nthaka yake. Ndipo akafika, pa mapiri ambiri a kuno kum'mawa nchito yowayenera ndi yaing'ono kuposa imene eni ake amalonjeza.

Tinena izi cifukwa ife eni tinapsa nazo. Amene munakhalapo kale mukumbukira kaphiri ka kuseri kwa makola a nkhumba. Caka cina, mu Seputembala, nthaka ili gwa, tinamangirira citsulo copalira dothi kumbuyo kwa thirakitala ndi kukwera nayo kumeneko. Patapita masiku anai tinali ndi masitepe atatu osalala ngati bwalo la mpira, ndipo alendo obwera kudzationa ankaimirira pamenepo kujambulitsa zithunzi. Cimanga cimene tinabzala cinamera bwino m'mphepete mwakunja, koma cakumkati, kumene citsulo cinadula kwambiri, cinali cacikasu ndipo cinalekezera m'mawondo. Kenaka mu Januwale, usiku wina wa mvula yamphamvu, madzi otsika pamwamba pa phiri anadzaza sitepe yoyamba, nang'amba khoma lake pamalo pamene dothi linali lothira cabe, nagwera pa yaciwiri ndi yacitatu ali ndi mphamvu yowirikiza. Kutaca tinapeza cigwembe cofika m'ciuno, ndipo mcenga unali utakwirira dimba la amai ena oyandikana nafe kumunsi. Tinapita kukapepesa, tinawabwezera mbewu, koma repu ndi matimati a nyengo imeneyo zinapita. Woyendetsa thirakitalayo sanalakwe kanthu. Anacita zimene tinamuuza, ndipo ife sitinayeze ciliconse.

Tiyeni tsono tiwerengere limodzi, pakuti nkhani yonse yagona pa masamu ocepa amene aliyense wa inu angawacite ndi ndodo pansi. Kutsetsereka kwa munda kumayezedwa ndi cingwe ca mamita 10, ndodo ziwiri ndi kalevulo kopacika pa cingweco. Mangani cingwe pansi penipeni pa ndodo ya kumtunda, cikokereni kumunsi molunjika kumene madzi amathamangira, ndipo cikwezeni pa ndodo yaciwiri mpaka kalevulo kasonyeze kuti cingwe cawongoka. Ngati pa ndodo yaciwiriyo cingwe cili mamita 2 kucokera pansi, munda wanu utsika mamita 2 pa mamita 10 alionse, comwe alangizi a zaulimi amati 20 peresenti. Pa munda wotere, kuti mupeze sitepe yosalala ya mamita 4 m'lifupi, muyenera kudula cakumtunda masentimita pafupifupi 40 ndi kuthira dothilo cakumunsi, ndipo khoma lolekanitsa sitepe ndi inzake limafika pafupifupi mita imodzi. Munda ukatsika mamita 3 pa 10, kudulako kufika masentimita 60.

Mukatero tengani khasu, mukumbe dzenje m'munda womwewo, muone pamene dothi lakuda lithera. M'minda ya pamtsetse imene takumbamo ndi ophunzira athu, kawirikawiri simudutsa kutalika kwa cikhato musanafike pa katondo kapena pa nsangalabwi. Citsulo ca thirakitala sicisiyanitsa zimenezi. Cikadutsa koyamba cimapala dothi la conde ndi kulikankhira kumunsi. Cikadutsa kaciwiri ndi kacitatu cimabwera ndi katondo ndi kumuthira pamwamba pa conde cija. Pamapeto pake dothi labwino lili pansi pa khoma, kumene muzu wa cimanga sufikako, ndipo mlimi atsala ndi bwalo lokongola la dothi lakufa. Feteleza samathetsa vuto limeneli, cifukwa nthaka yopanda zinyalala zowolerana siisunga cinyontho, ndiponso siigwira bwino cakudya ca mbewu. Ndico cifukwa cake cimanga cathu cija cinali cacikasu ngakhale tinathira D compound ndi urea pa nthawi yake.

Sitibisa kuti cokopa ca makina ncacikulu. Pa lima imodzi ya munda wotsika mamita 2 pa 10, masitepe a mamita 4 amafuna kusuntha dothi lokwana makyubiki mita pafupifupi 250, kutanthauza mawilibala oposa 4,000. Banja limene anyamata ake ali ku Lusaka kapena ku migodi, limene khasu lili m'manja mwa amai ndi agogo, silingayang'ane ciwerengero cimeneci popanda kufooka. Munthu akabwera nati nchitoyo aimaliza m'masiku atatu, ndani angamukane? Koma ciwerengero comweco ciyenera kutiopsanso. Dothi la mawilibala 4,000 likaikidwa molakwika, palibe khasu limene lingalibweze.

Nkhani yaciwiri ndi madzi, ndipo iyi ndiyo imaononga ubale wa anthu. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, amenewo ndi madzi a lita imodzi. Mvula ya mamilimita 50, imene kuno ingagwe madzulo amodzi mu Januwale, imathira malita 125,000 pa lima imodzi, migolo 625 ya malita 200. Ena amalowa pansi, koma nthaka ikakhuta otsalawo amayenda, ndipo amaonjezeredwa ndi ocokera ku mbali ya phiri imene ili pamwamba pa munda wanu, makamaka ngati mitengo ya kumeneko inapita ku makala. Munda wosasemedwa umataya madzi amenewa mobalalika, ndipo umakokoloka pang'onopang'ono. Sitepe imawasonkhanitsa. Ngati yamangidwa bwino, imawasunga kuti alowe pansi ndi kutsogolera otsalawo ku njira yowakonzera. Ngati yamangidwa molakwika, imawaunjika pamalo amodzi ofooka ndi kuwatulutsa onse nthawi imodzi. Conco sitepe yoipa imaononga kuposa kusakhala ndi sitepe konse. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Kaphiri kathu kaja kanali ndi kakhwawa kakale kamene thirakitala inakakwirira, ndipo khoma linang'ambika pomwepo.

Cifukwa ca ici, nchito yoyamba siili m'munda ayi. Pamwamba pa munda pakumbidwe ngalande yopingasa phiri yolandira madzi ocokera kumtunda. Pambali pa munda pakhale njira yotsitsira madzi, yotakata, yosaya, yomera udzu wokhazikika kapena yoyalidwa miyala, ndipo ikhale itakhwima dzinja limodzi masitepe asanayambe kuthiramo. Njira imeneyi ikathere mumtsinje kapena m'khwawa lacilengedwe. Ikathera m'munda wa mnzanu kapena mumsewu, mwangosamutsa tsoka. Apa ndi pamene muyenera kukhala pansi ndi a nyakwawa pamodzi ndi onse olima phiri limenelo, wa kumtunda ndi wa kumunsi omwe. Thirakitala yobwerekedwa ndi munthu mmodzi imaima pa malire a munda wake, pamene madzi malirewo sawadziwa.

Sitepe yeniyeniyo ili ndi miyezo imene diso la woyendetsa silingaione ali pampando. Iyenera kupendekera pang'ono cakumkati, kuphiri, masentimita pafupifupi 5 pa mita iliyonse, kuti madzi asasefukire pa khoma. M'litali mwake iyenera kutsika pang'onong'ono kulowera ku njira ya madzi, masentimita 5 mpaka 10 pa mamita 10 alionse, ndipo isatalike kuposa mamita 100 isanafike potulukira. Dothi lothira liyenera kutsinderedwa pang'onopang'ono, mulu wocepa pamwamba pa unzake, ndipo dothi louma ngati ufa silitsindereka ngakhale thirakitala iyendepo kakhumi. Apa pali colakwika cimene pafupifupi tonse timacita: timaitana makina mu Seputembala kapena Okutobala, cifukwa ndi pamene ndalama za mbewu zalowa ndipo mvula yayandikira. Nthawi yabwino yosuntha dothi ndi mvula itangotha, mu Meyi kapena Juni, nthaka ikali ndi cinyontho, kuti likhazikike miyezi ingapo mvula yoyamba isanalipeze.

Pali cinthu cinanso cimene sitifuna kucidutsa mwacangu, ndico moyo wa woyendetsa, amene nthawi zambiri ndi mmodzi wa inu. Thirakitala inapangidwira malo osalala. Ikamayenda mopingasa phiri, kulemera kwake konse kumatsamira pa mawilo a kumunsi, ndipo pomanga sitepe mawilo amenewo ndiwo amaponda dothi lothira kumene, lofewa. Wilo la kumunsi likatitimira, kapena la kumtunda likakwera mwala kapena citsa, makinawo amagubuduka munthu asanaganize zolumpha. Kukoka citsa ndi cheni comangidwa pamwamba, posiya citsulo cokokera ca pansi, kumadzutsa mutu wa thirakitala ndi kuigwetsa cagada m'nthawi yosakwana masekondi awiri. Mathirakitala ang'onoang'ono ambiri amene amagulidwa atagwirapo kale nchito amafika opanda citsulo coteteza woyendetsa ikagubuduka, ndipo pamene cilipo, lamba wa pampando amakhala atadulidwa kalekale. Ya mawilo awiri, imene munthu amaitsata pambuyo, nayo ikatembenuka pamtsetse imakoka mwini wake. Wophunzira wathu aliyense amene walembedwa nchito yoyendetsa ali ndi ufulu wokana phiri, ndipo tidzamuikira kumbuyo bwana wake akadzabwera kudzadandaula kwa ife.

Nanga munthu wa munda wa pamtsetse atani? Tikhulupirira kuti sitepe yoyenera ambiri a ife ndi imene imadzimanga yokha m'kupita kwa zaka. Anzathu a ku Machakos, m'dziko la Kenya, ndiwo anaonetsa dziko njira imeneyi. M'zaka za m'ma 1930 dera lawo linkachulidwa ngati citsanzo ca nthaka yotheratu ndi kukokoloka. Pofika 1994, pamene Mary Tiffen, Michael Mortimore ndi Francis Gichuki anatulutsa buku lawo lochedwa More People, Less Erosion, anthu a m'deralo anali ataculuka kangapo konse, koma mapiri anali masitepe okhaokha, omangidwa kwakukulu ndi makasu ndi mafosholo a magulu othandizana, ambiri a iwo a amai. Njira yawo amaicha fanya juu m'Ciswahili. Amakumba ngalande yopingasa phiri, pafupifupi masentimita 60 kuya ndi 60 m'lifupi, ndipo dothi lake amaliponya kumtunda kwa ngalandeyo kuti likhale mgula, nabzalapo udzu. Caka ndi caka mvula ndi khasu zimatsitsa dothi pang'onopang'ono, ilo nkumatsamira pa mgulawo, mpaka malo a pakati pa mgula ndi unzake ayandikira kusalala. Cakumtunda kwa ndime iliyonse conde cimacepa ndithu, ndipo kumeneko ndiko kumafuna manyowa ambiri, koma palibe tsiku limene munda wonse umasanduka katondo, ndipo mlimi amakolola caka ciliconse pamene sitepe ikukula.

Mzere wa mgula umapezedwa ndi A-frame, cida ca mitengo itatu, cingwe ndi mwala, cimene munapanga nokha m'sabata yanu yaciwiri pano. Tikukumbutsani cabe kuti muzicitembenuza miyendo pamalo amodzimodzi kuti mupeze pakati penipeni musanakhulupirire cizindikiro cake. Zikhomo zambiri zokhota zimene taona m'minda ya ophunzira athu akale zinacokera pa kuiwala zimenezi. Pa mgula bzalani vetiva kumayambiriro kwa dzinja, mapesi ake motalikirana masentimita 10 mpaka 15, mzere wosaduka. Mizu yake imalowa pansi molunjika mamita awiri kapena kuposerapo, safalikira m'munda ngati kapinga, ndipo masamba ake mudzafolerera nyumba kapena kuphimbira nthaka. Mpata umodzi wosiyidwa mumzere ndiwo khomo la cigwembe, conco pakafa phesi bzalanipo lina msanga. Amene muli ndi ng'ombe za mkaka mungaike nsenjere, podziwa kuti iyo imalimbirana cinyontho ndi mizere ya cimanga yoyandikana nayo.

Mu nchito yotere makina ali ndi malo ake, ndipo ndi malo aulemu. Pamene kutsetsereka kuli kocepa, pulawo ya madisiki kapena ya ng'ombe ikadutsa kangapo motsata zikhomo, ikuponya dothi mbali imodzi, imautsa mgula umene anthu amangoumalizitsa ndi makasu. Ripa, ngakhale ya Magoye yokokedwa ndi ng'ombe, imaswa nthaka youma kuti wa fosholo asalimbane ndi piki tsiku lonse. Ngolo ya thirakitala imatuta miyala ya njira ya madzi, manyowa ndi mbande za vetiva, ikuyenda m'njira yokonzedwa. Ndipo masitepe akakhwima, thirakitala ya mawilo awiri imalima pamenepo bwinobwino. Zonsezi zimapeputsa msana wa amai athu popanda kutembenuza nthaka.

Tidziwa cimene ena a inu mudzayankha. Mudzati zaka zisanu nzambiri kwa munthu amene ana ake afuna nsima caka cino. Ena acikulire adzakumbutsa kuti migula inabwera ndi cikakamizo ca atsamunda, amene ankalipiritsa osakumba, ndipo mpaka lero mawu akuti mgula amawawa m'makutu a agogo ena. Zonsezi nzoona. Koma phindu la mgula siliyembekeza kuti sitepe ithe. Mzere woyamba ukangoima, madzi amayamba kucedwa m'munda dzinja lomwelo. Tonse tikumbukira cilala ca nyengo ya 2023 mpaka 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu Febuluwale 2024 kuti ndi tsoka la dziko lonse. Pa caka cotere, mvula yocepa imene yagwa iyenera kulowa pansi pomwe yagwera, ndipo ngalande yokumbidwa ndi manja imagwira nchito imeneyo mofanana ndi sitepe ya ngongole. Kusiyana kwake nkwakuti mvula ikakana, wa ngalande alibe womulondola pakhomo.

Sitikuti sitepe yosemedwa ndi makina njoletsedwa kulikonse. Pali malo pamene timaivomereza: kadera kakang'ono, kamene mwakumbapo dzenje lofika mita imodzi osakumana ndi thanthwe, kali pafupi ndi madzi othirira, ndipo mufuna kubzalapo mbewu zobweza ndalama monga matimati, anyezi kapena nthoci. Pamenepo yambani ndi sitepe ya kumunsi kwenikweni. Ikatha, palani dothi la conde la malo a sitepe yaciwiri ndi kuliyala pa yoyambayo, kenaka semani yaciwiri, muiyale ndi conde ca yacitatu, motero mpaka kumtunda. Yomalizira mudzaipatsa conde cimene munaunjika pambali poyamba paja, pamodzi ndi manyowa ambiri. Caka coyamba bzalanipo kalongonda, nandolo kapena nyemba musanaganize za cimanga. Khoma libzalidwe udzu mvula yoyamba ikangogwa. Ndipo pangano ndi mwini makina likhale la sitepe yomalizidwa ndi kuyezedwa. Munthu wolipidwa pa ola alibe cifukwa cotsikira pampando kuti aone cingwe canu, ndipo wolipidwa pa lima amafuna kumaliza dzuwa lisanalowe. Inu eni muziyenda pambali pake ndi kalevulo m'manja kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Palinso mapiri amene sayenera kulimidwa konse, kaya ndi khasu kaya ndi makina. Lamulo limene timatsata pano ndi lakuti munda ukatsika kuposa mamita 3 pa 10, kapena thanthwe likakhala pafupi, cimanga cisakwereko. Pa malo otere, kusunga madzi ambiri m'nthaka yopyapyala yogona pa mwala kumailemetsa ndi kuitereretsa, ndipo phiri lonse lingasunthe. Abale athu a ku Malawi anaona kuopsa kwa phiri lokhuta madzi mu 2023, pamene namondwe Freddy anagwetsa matope ndi miyala kucokera m'phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe mu Blantyre, ndipo anthu ambiri anataya miyoyo. Mtsetse wotere ubwezeredwe mitengo. Zitsa za mitengo yacilengedwe zikasiyidwa ndi kutetezedwa ku moto zimaphukanso, ndipo pakati pake mungakumbe timaenje tozungulira ngati theka la mwezi, kamodzi pa mtengo uliwonse wa mango, mapeyala kapena malalanje, ndi kupacika ming'oma ya njuci. Kumunsi kwake, kumene kuli kolimika, gliricidia amene anayesedwa zaka zambiri pa Msekera pafupi ndi Chipata angabzalidwe motsata migula kuti masamba ake abwezere conde.

Kaphiri ka kuseri kwa makola tinakabwerera patapita zaka ziwiri. Cigwembe tinacitseka ndi mipanda ya miyala ndi nsungwi, ngalande ya pamwamba tinakumba ndi manja, ndipo sitepe ya pakati mpaka lero timaithira manyowa kawiri kuposa munda wina uliwonse pa famu pano. Ophunzira a caka cino adzayeza ndi kukhoma zikhomo mbali ya kumadzulo ya kaphiriko mu Meyi, ndipo thirakitala idzangotuta miyala. Inu amene munatilembera, ndi ena onse amene muli ndi munda wa pamtsetse, tibweretsereni manambala awiri musanapereke ndalama kwa munthu aliyense: mamita amene munda wanu utsika pa mamita 10, oyezedwa pamalo atatu osiyana, ndi masentimita a dothi lakuda m'maenje atatu. Mbande za vetiva za m'nazale yathu zidzakhala zokonzeka kuzulidwa mu Disembala; bwerani ndi masaka onyowa.